Ndili ku Joni, poloti yapezeka ku Mzuzu: nditumize ndalama?

Funso: Kwathu ndi ku Chiputula koma ndimagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Johannesburg. Pemiti yanga ya ntchito yatsala ndi miyezi inayi. Alamu anga andipezera poloti cha ku Dunduzu, mwini wake akufuna K7 miliyoni, akuti kalata ya amfumu ilipo, ndipo ndifulumire chifukwa ena akuyifunanso. Ndalama ndimatumiza kudzera kwa anyamata a mabasi popeza reti yawo ndi yabwino, ndipo akaunti ya ku banki kumudzi ndilibe. Alamu akuti alembetse kaye m'dzina lawo, tidzasintha ndikadzabwera. Akazi anga ndi ana ali pa lendi. Ndiyambire pati?

Yankho: Achimwene, ndalamayo musatumize mwezi uno, ndipo polotiyo isalembedwe m'dzina la munthu wina, ngakhale kwa sabata imodzi yokha. Sindikuti alamu anu ndi wakuba, ayi. N'kutheka kuti akufunadi kukuthandizani. Koma pa ntchito yanga ya uloya kuno ku Mzuzu, milandu ya malo a abale athu okhala kunja yomwe imandipweteka kwambiri ndi ija yopanda wakuba. Mlamu anali wokhulupirika ndithu, koma wamwalira pangozi, ana ake akuti poloti ndi ya bambo awo chifukwa mapepala akutero. Kapena mlamuyo anakongola ndalama kwinakwake, eni ngongole n'kugwira malo omwe ali m'dzina lake. Kapena ukwati womwe umakulumikizani watha, ulamu n'kuthera pomwepo. Khoti limayambira pa dzina lomwe lili pa pepala. Inu mudzakhala ndi ntchito yotsimikizira woweruza kuti ndalama inali yanu, pomwe mulibe lisiti ngakhale limodzi chifukwa munkapatsira anyamata a mabasi.

Ndiyambe ndi pemiti, ngakhale inu mwangoitchula modutsa, chifukwa ndiyo ikubereka ndalama zonsezi. Malamulo a ku South Africa amafuna kuti pempho lowonjezera nthawi ya viza liperekedwe kukadali masiku 60 kapena kuposerapo viza isanathe. Choncho pa miyezi inayi mwanenayo, yanu ndi iwiri yokha. Pempholo limadzera ku ofesi za VFS Global, kampani yomwe imalandira mapempho a maviza m'malo mwa Home Affairs (unduna woona zolowa ndi kutuluka m'dzikomo), osati kwa dobadoba woimirira pageti la undunawo. Chiyambire Okutobala 2024, viza za ntchito amaziweruza powerengera mapointi, poona maphunziro anu, malipiro omwe abwana akulonjeza, ndi zaka zomwe mwakhala pa lusolo. Khalani pansi ndi abwana anu sabata ino. Pakufunika kontirakiti ndi makalata ochokera kwa iwo, ndipo ngati satifiketi yanu ya zowotcherera munatengera kuno kumudzi, iyenera kukhala yoti inaunikidwa ndi SAQA, bungwe lomwe limayesa mapepala a maphunziro ochokera kunja. Mukapereka pempho, lisiti la VFS mulisunge bwino. Home Affairs imachedwa kuyankha, ndipo lisitilo ndi umboni woti munapempha nthawi ikadalipo.

Kale munthu akapitiriza masiku ankangolipira chindapusa pa boda n'kumapita. Zimenezo zinatha mu 2014. Lero mukatuluka mutapitiriza masiku osaposa 30, amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi. Mukapitiriza masiku oposa 30, ndi zaka zisanu. Taganizani, poloti mwagula, maziko mwathira, mwati mudzaone pa Khirisimasi, pa boda la Beitbridge akudindani chiletso cha zaka zisanu. Nyumbayo ithera pa maziko pomwepo. Mabanki ambiri a kumeneko nawonso amatseka kaye akaunti ya mlendo pemiti ikatha, mpaka mutabweretsa yatsopano, ndiye ngakhale marandi omwe mwasunga mungalephere kuwakhudza panthawi yomwe mukuwafuna kwambiri. Yang'ananinso tsiku lothera pasipoti yanu. Ngati yatsala pang'ono, yambani msanga kudzera ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata ambiri kuno kwathu, ndipo omwe anadikira mpaka kumapeto anasowa pogwira.

Kwa ena omwe akuwerenga ali ndi maganizo onyamuka: masiku 30 omwe Mmalawi amapatsidwa polowa m'South Africa ndi ocheza, si a ntchito, ndipo lamulo silola kusintha viza yocheza kukhala ya ntchito muli konko, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri. Pemiti yapadera ngati ija anapatsidwa a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho, Amalawi tilibe. Wina akakuuzani kuti akupezerani pa mtengo wakuti, akukugulitsani pepala lachinyengo lomwe lingakufikitseni ku Lindela, komwe amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo.

Tsopano za ndalama. Sindikunamizani kuti reti ya anyamata a mabasi ndi ya ku banki zimasiyana pang'ono. Zimasiyana kwambiri, ndipo munthu wotuluka thukuta pa ntchito ya moto ndimamumvetsa akamawerengera kusiyanako. Koma kusintha ndalama zakunja kwa munthu yemwe alibe chilolezo cha Reserve Bank of Malawi ndi mlandu, ndipo njira imeneyi sisiya phazi. Mumapereka marandi ku Johannesburg, wina n'kupereka makwacha kwa munthu wina pa depoti kuno, palibe pomwe palembedwa dzina lanu. Ndalamayo ikasowa panjira simungadandaule kupolisi popanda kudziulula nokha. Komanso lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limalamula mabanki, ngakhalenso ife maloya, kufunsa komwe ndalama yochuluka yachokera. K7 miliyoni yongotulukira m'chikwama ilibe yankho, pomwe ndalama yomwe yachoka mu akaunti yanu ya malipiro, n'kudzera ku banki kapena ku makampani ovomerezeka monga Mukuru ndi Hello Paisa, n'kugwera mu akaunti ya dzina lanu kuno, imadziyankhira yokha. Pa nkhani ya malo, malisiti amenewo ndiwo mboni zanu.

Akaunti mungathe kutsegula muli konko. Mabanki akuluakulu athu, monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH, ali ndi maakaunti a Amalawi okhala kunja, ndipo onsewa ali ndi nthambi kuno ku Mzuzu. Adzafuna pasipoti kapena chiphaso cha unzika cha NRB, umboni wa komwe mukukhala, ndi umboni wa ntchito. Makope a mapepalawa amafunika chidindo cha wovomereza kuti ndi enieni. Alembereni nokha pa adiresi yomwe ili pa tsamba lawo la intaneti, musadzere kwa munthu. Nambala ya foni yolandirira mauthenga a akauntiyo ikhale yomwe ili m'thumba mwanu, ndipo PIN isadziwike kwa wina. Ya zofunika pakhomo muzitumiza payokha kwa akazi anu, pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti thumba la poloti lisasakanikirane ndi la ufa ndi fizi.

Funsaninso za akaunti ya ndalama zakunja, yomwe a banki amaitchula kuti FCDA, momwe ndalama imakhala m'marandi kapena m'madola mpaka tsiku lomwe mwafuna kuisintha. Chifukwa chake mukuchidziwa. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Munthu yemwe anaunjika makwacha podikira kugula simenti ndi malata anadzuka mmawa ndalama yake itafupika. Makwacha muziwasintha pomwe pali chogula. Malamulo a kasungidwe ndi katengedwe ka ndalama zakunja amasinthasintha, ndiye a banki akuuzeni molemba zomwe zikugwira ntchito panopa musanaikemo ndalama zambiri.

Tifike pa poloti, pomwe pali mtima wanu. Funso loyamba si mtengo. Funso loyamba ndi lakuti malowo ali mbali iti ya malire. Dunduzu ili kumapeto kwa mzinda, pa msewu wa M1 wopita ku Ekwendeni, komwe dera la khonsolo ya mzinda wa Mzuzu limayandikana ndi la khonsolo ya M'mbelwa. Mapoloti awiri oyang'anizana angathe kukhala pansi pa malamulo osiyana.

Ngati malowo ali mkati mwa mzinda, kalata ya amfumu sikupatsani umwini. Lamulo la mafumu silipatsa mfumu mphamvu mkati mwa mzinda popanda chilolezo cha khonsolo. Mumzinda, malo amagawidwa ndi Unduna wa za Malo kudzera ku ofesi yake ya chigawo cha kumpoto, ndi Malawi Housing Corporation (MHC), kapena ndi khonsolo ya mzinda, ndipo wogulitsa woona amakhala ndi pepala lochokera ku amodzi mwa atatuwa: kalata yomupatsa malo, lizi (pangano lobwereka malo kwa zaka zoikika), kapena title deed. Anthu ambiri ku Mchengautuwa, ku Masasa ndi madera ena anakhala pa kalata za mafumu ndipo akukhalabe, izi n'zoona. Koma iwo ali pamalopo, amagona pomwepo, wina akabwera ndi zikhomo amamuona. Inu muli ku Johannesburg.

Ngati malowo ali kunja kwa mzinda, ndiye kuti mwina ndi malo a makolo, a m'dera la Inkosi Mtwalo. Malo a makolo sagulitsidwa ngati njinga. Makhoti athu anenapo kangapo kuti wokhala pa malo otere ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, osati umwini woti angaugulitse kwa aliyense. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linabweretsa njira yolembetsera malowa m'kaundula kudzera ku komiti ya malo ya m'dera, yomwe wapampando wake ndi gulupu, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Mfumu payokha silowa m'malo mwa komitiyo. Ndipo kumbukirani kuti kuno kumpoto malo amatsata mzere wa bambo. Yemwe akugulitsayo angakhale mwana mmodzi mwa asanu, abale ake ena ali ku Joni komweko ngati inu, ndipo sakudziwa kuti munda wa bambo awo ukudulidwa mapoloti. Tsiku lomwe adzabwere, mlandu wawo udzakhala ndi inu, chifukwa mbale wawo ndalama adzakhala atadya kale. Poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, aliyense ndi kalata yake ya chidindo, si nkhani yachilendo m'mphepete mwa mzinda uno.

Ndiye chochita ndi ichi. Pezani loya wanuwanu, osati wobwera ndi wogulitsa. Malawi Law Society imatulutsa mayina a maloya omwe ali ndi chilolezo chaka chilichonse, dzina lake muliyang'ane pamenepo. Loyayo apemphe wogulitsa nambala ya poloti kapena ya title, akachite official search ku kaundula wa malo kuno ku Mzuzu. Pepala lomwe limatuluka pamenepo limaonetsa mwini wake weniweni, zaka zomwe zatsala pa lizi, ngati malowo ali pa chikole ku banki, komanso ngati wina anaikapo chiletso chifukwa cha mkangano. Afunsenso ngati pali ngongole ya lendi ya malo ku Lands (Unduna wa za Malo) ndi ya msonkho wa khonsolo, chifukwa ngongole zimenezi zimatsalira pa poloti n'kudzakupezani inu. Kenako saveya wovomerezeka apite pamalopo akapeze mabikoni, zikhomo zosonyeza malire a poloti, ndi kuwafananitsa ndi mapu. Zimachitika kuti pepala ndi loona koma malo omwe alamu anu anaonetsedwa ndi ena.

Ku ofesi yoona za mapulani a mzinda mukafunse ngati malowo sali pomwe padzadutse msewu, pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, m'dambo, kapena m'malo otetezedwa monga nkhalango ya Kaning'ina ndi magwero a madzi a Lunyangwa. Mzuzu ndi wa zitunda ndi madambo, ndipo mvula yathu imachedwa kusiya. Mu Epulo 2016 mvula yamphamvu inagwetsa nyumba zambiri mumzinda uno, makamaka zomangidwa m'madambo ndi m'malo otsetsereka. Poloti yomwe ikuoneka youma bwino mu Okutobala ingakhale thawale mu Malichi. Akazi anu akacheze ndi anthu oyandikana ndi malowo, awafunse komwe madzi amadutsa mvula ikagwa, yemwe ankalima pamenepo kale, ndi kutalika kwa paipi ya Northern Region Water Board. Amayi a pamudzi amadziwa mbiri ya malo kuposa fayilo iliyonse.

Pali chinanso chomwe ogulitsa ambiri satchula. Malamulo a malo atasinthidwa mu 2022, analetsa kugulitsa malo a lizi omwe sanamangidwepo kanthu. Cholinga chinali kuthana ndi anthu otenga mapoloti ku boma n'cholinga chongowagulitsa. Choncho ngakhale wogulitsa atakhala ndi lizi yoona, ngati pamalopo pali tchire lokhalokha, loya wanu aone kaye ngati chilolezo chosinthira umwini chingatuluke. Kusintha umwini wa lizi kumafuna chilolezo cha mwini nthaka, kalata ya MRA yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, kulipira stamp duty (msonkho wa pa mapepala osinthira umwini), kenako kulembetsa dzina lanu m'kaundula. Pokhapokha dzina lanu litalowa m'kaundulamo ndi pomwe mwagula. Pangano losayinirana pakhonde, ngakhale pakhale mboni khumi, ndi lonjezo chabe.

Ndalama isaperekedwe yonse kamodzi. Ikhale mu akaunti ya loya yosungira ndalama za makasitomala, wogulitsa alandire gawo lochepa posayina pangano, yotsalayo alandire mapepala osinthira umwini atasayinidwa ndi chilolezo chitatuluka. Ilowe mu akaunti ya ku banki ya munthu yemwe dzina lake latuluka pa search, osati ya mwana wake kapena ya amene akuti ndi ejenti. Zonsezi zimadya ndalama ndi masabata angapo, koma n'zochepa poyerekeza ndi K7 miliyoni. Mawu oti ena akuyifunanso ndimawamva pafupifupi pa poloti iliyonse. Wogulitsa wa mapepala abwino saopa search. Akakana kupereka nambala, kapena akakwiya mutatchula loya, isiyeni polotiyo. Ine ndikanakhala inu, ndipo zikapezeka kuti pali kalata ya amfumu yokha, ndikanaleka, n'kukalembetsa pempho la poloti ku MHC, ku Lands kapena ku khonsolo, kapena kusakasaka malo a mapepala omwe ali kale ndi kanyumba. N'zochedwa komanso zokwera mtengo, koma munthu wokhala kutali sayenera kugula malo ofunika kuwalondera.

Nanga musayina bwanji muli ku Joni? Apa ndi pomwe alamu anu akuona ngati palibe njira ina koma dzina lawo, pomwe njira ilipo. Mumalemba chikalata chotchedwa power of attorney, chopatsa munthu mphamvu yosayina m'malo mwanu, koma malo n'kulembedwa m'dzina lanu. Loya wanu akulembereni kuno, akutumizireni, mukasayine pamaso pa notary public (loya wovomereza kuti wasayinayo ndi inudi) kumeneko kapena ku ofesi ya kazembe, ndipo chikabwera chilembetsedwe ku kaundula wa malo. Chikhale chopapatiza: chitchule poloti imodzi yokhayo, chipereke mphamvu yogula ndi kulembetsa basi, chinene poyera kuti wopatsidwayo sangagulitse kapena kuika malowo pa chikole, ndipo chikhale ndi tsiku lothera. Chikalata chonena kuti wakutiwakuti aziyendetsa zinthu zanga zonse ku Malawi musasayine, ngakhale wopatsidwayo atakhala wobadwa naye bere limodzi.

M'kalata yanu akazi anu mwawatchula kumapeto, pa nkhani ya lendi. Ine ndikuona kuti ayenera kukhala pakati pa nkhaniyi. Ali mumzinda momwemo, ndipo nyumbayo adzakhalamo ndi iwo ndi ana. Lamulo limalola kuti malo alembedwe m'mayina a anthu awiri pamodzi, mwa njira yoti mmodzi akamwalira umwini wonse umatsalira winayo popanda kudikira kugawa chuma cha masiye. Kambiranani, ndipo loya akufotokozereni nonse awiri tanthauzo lake, kuphatikizapo zomwe zimachitika banja likasokonekera. Alamu angathandizebe poperekeza saveya ndi kuyang'anira amisiri, ndipo muwathokoze pa zimenezo. Mukawauza kuti ndi loya wakana zoti alembetse m'dzina lawo, ulamu wanu sukhala ndi chilema.

Mukadzaganiza zotenga unzika wa South Africa m'tsogolo, dziwani kuti Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018. Mudzatsate ndondomeko yake ku Immigration kuti u Malawi wanu ukhale wolembedwa, chifukwa malamulo a malo amapanikiza kwambiri munthu yemwe si nzika.

Za kumanga ndinene mwachidule. Lizi zambiri zimakhala ndi pangano loti mumange mkati mwa zaka ziwiri, apo ayi malo angathe kulandidwa, ndiye musagule poloti ndi ndalama yanu yomaliza. Pulani ivomerezedwe ndi khonsolo musanakumbe maziko. Ndalama muzitumiza ya gawo limodzi pa nthawi, maziko, khoma, denga, ndipo ya simenti ndi malata muzilipira mwachindunji ku sitolo, lisiti lilembedwe dzina lanu. Zithunzi za pa WhatsApp musazikhulupirire zokha. Pezani mmisiri wina wosakhudzidwa ndi ntchitoyo, muzimulipira pang'ono kuti aziyendera gawo lililonse likatha, akazi anu ali pomwepo.

Chotsala ndi wilo. Ndikudziwa kuti ambiri saifuna nkhaniyi, koma mumagwira ntchito ya moto ndi zitsulo m'dziko la eni, ndipo mumayenda ulendo wautali wa pa basi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, komabe mayi wamasiye yemwe ali ndi wilo m'manja savutika ngati yemwe alibe. Wilo imalembedwa, mumasayina pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizikulandira kanthu m'wilomo, ndipo mungaisungitse kwa loya, ku banki kapena ku High Court. Mutchulemo poloti, maakaunti a mayiko onse awiri, ndi yemwe adzayendetse zinthu. Ku ntchito kwanu funsani ngati mumadulidwa ndalama ya penshoni kapena provident fund, ndipo pa fomu ya odzalandira mulembe mayina a akazi anu ndi ana monga momwe alili pa ziphaso zawo. Makope a pasipoti, pemiti, kontirakiti ndi nambala ya fandiyo akhale ndi akazi anu ku Chiputula, ena akhale kwa loya.